Luso la mkazi wa msilikali kuchilendo

Msilikali akamatumizidwa kukagwira ntchito kunja, zonse zimalembedwa: tsiku lonyamuka, ofesi yokafikira, bwana wokamulandira, nyumba yokagona. Za mkazi wake papepalapo pamangokhala dzina ndi nambala ya pasipoti. Palibe amene amamulembera kuti akafika akagogode pakhomo pa yani, mwana akatentha thupi usiku akaimbire ndani, kapena kuti nsima ya anthu 40 akaiphika bwanji ndi ufa wachilendo. Koma papite miyezi ingapo, mukafike pakhomopo Lamulungu masana. Mukapeza nsapato zili mbwee pakhonde, ana akuthamangitsana kuseri, azibambo akukangana za Bullets ndi Wanderers, ndipo agogo ena obadwira komweko akufunsa ngati mvula idagwa bwino kwawo kwa makolo awo. Zimenezi sizingochitika. Pali munthu amene wazikonza, ndipo kakonzedwe kake ndi luso loyenera kuliyang'anitsitsa.

Asilikali ambiri a Malawi Defence Force amapita kunja okha. Amene adakalondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, amene adapita ku Rwanda mu 1994, ku Côte d'Ivoire mu 2011, ndi ku Democratic Republic of Congo komwe kuyambira 2013 adagwira ntchito limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, onsewa adasiya mabanja m'malayini ku Cobbe, ku Kamuzu ndi ku Moyale Barracks. Otenga banja ndi ochepa: alangizi a zachitetezo m'maofesi a akazembe, ndi ena otumizidwa kwa zaka zingapo ku ntchito za SADC, monga ku Gaborone kapena ku Regional Peacekeeping Training Centre ku Harare. Mayi amene ndidaonera luso lake ndi wa kuno ku Mwanza, ndipo mwamuna wake adatumizidwa ku Harare. Ndege ilipo, koma munthu wa katundu ngati wake amadziwa msewu: M6 kufika pachipata cha Mwanza, kenako Zobue, Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, Changara, Cuchamano, Nyamapanda, Mutoko mpaka Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Blantyre. Achikulire a kuno amakumbukira nthawi imene magalimoto sankayenda okha mumsewuwu, ankadikirana n'kuyenda mondondozana, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza, chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Luso la mayiyu limayamba asadawoloke malire, ndipo limayambira pa ufa. Chimanga amakonoletsa yekha, mphale n'kuviika masiku ake, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, ndiyeno ufawo kuuyanikanso pamphasa masiku awiri kuposa mmene akadachitira ufa wodyera pakhomo. Poyesa amatapa ufa kudzadza dzanja n'kufumbata. Akatambasula chikhatho ufawo n'kukhala chibulumwa, ndiye kuti sudaume, ubwerere padzuwa. Ukayoyoka m'zala, wapsa. Chifukwa chake n'chakuti ku Tete kumatentha koopsa, ndipo ufa wachinyontho wotsekeredwa m'galimoto tsiku lonse umakafika utasasa. Sauika m'thumba. Amauthira m'ndowa zokhala ndi zivundikiro zothina, n'kumata ndi tepi kuzungulira.

Usipa amausankha umodziumodzi, kutaya wonyenyeka, kuukazinga pang'ono pachiwaya chopanda mafuta kuti chinyezi chotsala chichoke, ndipo ukazizira amaukulunga m'nyuzipepala asadauike m'ndowa yakeyake. Ndowa imeneyi siyandikana ndi ya ufa kapena ndi masamba a tiyi, poti ufa ndi tiyi zimakoka fungo la chilichonse chimene zagona nacho. Nsinjiro satenga. Amatenga mtedza wosasinja, chifukwa nsinjiro zikakhalitsa mafuta ake amasanduka, ndiwo n'kumawawa kukhosi, pomwe mtedza wathunthu umadikira mpaka tsiku limene aufunire. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya amaulandira kwa azakhali ake uli m'zikwatu za masamba a msuku, ndipo samasula kufikira atafika. Pamwamba pa zonsezi pamabwera chimera cha mawere, nandolo wa konkuno, mpunga wa Kilombero, mabotolo a Nali atakulungidwa m'majuzi a ana, zitenje zatsopano zosadula, ndiponso mthiko wautali ndi chipande. Mthiko wa m'sitolo ya kuchilendo, iye amati, udapangidwira mphika wa anthu anayi.

Pachipata pali chinthu chimodzi chimene ndimachilemekeza kuposa zonse. Udindo wa mwamuna wake sautulutsa. Amadziwa kuti zaka zina boma limaletsa kutulutsa chimanga m'dziko, amadziwanso kuti mbewu ndi zipatso zaziwisi zimafuna chikalata cha a zaulimi, choncho amafunsiratu kudakali masiku, n'kulemba papepala zonse zimene wanyamula, ndowa iliyonse ndi za mkati mwake. Wa kasitomu akafunsa, pepala lili m'manja kale. Manachesi, amene a ku Mwanza timanyadira nawo m'miyezi yozizira, amangogula oti ana adye panjira. Amati mkazi wa msilikali akakangana pachipata chifukwa cha thumba la zipatso, mawa nkhani imene imveke ndi ya asilikali onse.

Akazi otere sadayambe lero. Mu 1899 atsamunda adatumiza batalioni yachiwiri ya Central Africa Regiment ku chilumba cha Mauritius, ndipo asilikali ambiri adapita ndi akazi ndi ana awo. Eni dera sadawalandire bwino. Kudali kunyozedwa, kenako ndewu, mpaka akuluakulu adasamutsira gulu lonse pa kachilumba kotchedwa Flat Island, ndipo mu 1900 asilikaliwo adatumizidwa ku Somaliland. King's African Rifles itakhazikitsidwa mu 1902, asilikali a ku Nyasaland adakhalako ku Tabora ku Tanganyika, ndipo nthawi ya chitaganya ena adali ku Lusaka. Mabuku adasunga mayina a akuluakulu a nkhondo ndi malo amene kudamenyedwa nkhondo, ku Burma ndi ku Malaya komwe. Mayina a amayi amene adakoleza moto pa Flat Island, pakati pa nyanja yamchere, ndi ana kumsana, palibe adawasamala. Ndikaona mayi wa ku Mwanzayu akumata ndowa zake ndimaona ntchito yomweyo ikupitirira, ndipo zimandiwawa kuti mpaka pano sitiiwerengera.

Atafika ku Harare sadadikire kuti anthu amupeze. Lamulungu loyamba adavala chitenje chake n'kupita kutchalitchi. Ku Zimbabwe kuli sinodi yathunthu ya CCAP, ya Harare, yomwe idaphuka chifukwa cha Amalawi opita kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ndipo zidzukulu zawo zili ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi madera ena. Ambiri mwa iwo Malawi sadamuonepo. Chichewa chawo chidasakanikirana ndi Chishona, ndipo ena amachita manyazi kuchiyankhula pamaso pa munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi. Mayiyu sawakonza chilankhulo ngakhale pang'ono. Funso lake loyamba silikhala la ntchito kapena la kumene munthu amakhala.

"Pepani amayi, kodi ndinu ana ndani?"

"Ine ndine Nabanda, mwanangu. Bambo anga adachokera ku Ntcheu."

"Aa, ndiye ndinu apongozi anga. Abambo a kunyumba ndi a Banda. Ndapeza kolira."

Mawu amenewo ndi ochepa, koma taonani zimene achita. Gogo amene amaonedwa ngati mlendo m'dziko lobadwira wapatsidwa mpongozi. Mkazi wa bwana wadziika pansi pa munthu wogulitsa tomato pamsika. Ndipo kuyambira tsiku limenelo pali khomo limene mayiyu angagogode usiku. Akabwerera kunyumba amalemba m'kope: mfunda wa munthuyo, kwawo kwa makolo, dera limene akukhala, ana angati, amadwala chiyani, amapemphera kuti. Asilamu a ku Mangochi ndi Machinga ali ndi masamba awo m'kopemo, kuti tsiku la phwando nkhuku ikazingidwe ndi munthu woyenera ndipo miphika ina isakhudzane.

Tsiku lalikulu ndi 6 July, ndipo limayamba kudakali masiku atatu, ndi thobwa. Amaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu, n'kulisiya lizizire mpaka chala chikhoze kupirira. Apa m'pamene pagona luso: chimera chikathiridwa phala lili lotentha kwambiri chimafa, thobwa silitsekemera, likazizira kwambiri, silisungunuka. Akathira chimera amatakasa mpaka phala lolimba lija litasanduka madzi, n'kuvundikira kuti ligone. M'mawa amaliwiritsanso, kulitsitsa, kulisiya lipume. Ku Harare mwezi wa July kumazizira kuposa ku Mwanza, ndiye amakulunga mphikawo m'bulangeti, apo ayi tsiku la phwando thobwa lidzakhala lisadayambe kuluma lilime. Anzake a ku Zimbabwe ali ndi mahewu awo, ndipo akalawa amayamba kufunsa kuti kusiyana kwake kwagona pati. Iye amawapatsa chimera pang'ono m'kapepala kuti akayese.

Nsima ndiye imafuna mutu. Ufa woyera wochoka ku Mwanza sungakwane anthu 40 kangapo pachaka, ndipo ulendo wina wopita kumudzi uli kutali. Mayiyu adapeza njira yake. Phala amaphika ndi ufa wa m'sitolo za komweko, n'kulisiya libwate nthawi yaitali ndithu kuti fungo la uwisi lithe. Ufa woyera amausungira pothira pomaliza, povundula, chifukwa ufa wotsiriza ndi umene umapereka kusalala ndi fungo limene Mmalawi amalizindikira nsima isadafike pakamwa. Mwa njira imeneyi ndowa imodzi imagwira ntchito ya ndowa zitatu. Saphika mumphika umodzi waukulu. Amatereka iwiri yapakatikati motsatizana, kuti wina ukamapakulidwa wina ukhale ukubwata, ndipo wodya pomaliza alandire nsima yotentha ngati woyamba. Povundula amapanikiza mphika ndi nsalu kudzanja lamanzere, mthiko n'kumaukokera kukhoma la mphika kuti mibulu iphwanyike, osati kungozunguza pakati. Chipande amaviika m'madzi pa mtanda uliwonse, ndipo mitanda imatuluka yofanana, yosalala pamwamba, yocheperako kuposa ya kumudzi, popeza alendo a mayiko ena amaopa mtanda waukulu ndipo sabwerezanso, pomwe waung'ono amautha n'kupempha wina.

Koma chovuta kuposa moto ndi kukhazika anthu. Usilikali wathu udatengera kwa Angerezi mwambo wolekanitsa: maofisala ali ndi mesi yawo, masajeni yawo, asilikali wamba kwawo. Kumudzi zimenezi zimayenda chifukwa aliyense ali ndi anzake ambiri a msinkhu wake. Kuchilendo anthu ndi owerengeka. Pakhomo limodzi pamakumana bwana wa ku ofesi ya kazembe, kaputeni amene wabwera kudzachita maphunziro, sajeni woyendetsa galimoto, dalaivala wa thiraki amene wagona mumzindamo podikira katundu, namwino, ndi agogo a ku Mufakose. Ukatsata maudindo, theka la anthu likhala chete m'ngodya. Ukawanyalanyaza, wachititsa manyazi mwamuna wako pamaso pa akuluakulu ake. Mayiyu amathetsa nkhaniyi ndi beseni ndi jagi. Mipando yabwino amaipereka motsata udindo, monga mwa mwambo wa ntchito. Koma madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu pa zaka, ndipo amene amagwada ndi beseni ndi mwana wake woyamba. Bwana aliyense woleredwa bwino sangadandaule kuona gogo wa zaka 80 akusamba iye asadasambe. Pemphero amapatsa mkulu wa mpingo, mawu olandira alendo n'kusiyira mwamuna wake, ndipo pofika nthawi yodya aliyense walemekezedwa m'njira yakeyake.

Mkazi wa sajeni ndiye amafuna kusamala koposa, chifukwa n'kosavuta kuti asanduke wantchito wosalipidwa m'khitchini ya mkazi wa bwana. Kubalaki akadamutcha mayiyu kuti amadamu. Ku Harare mayiyu adakana dzinalo tsiku loyamba.

"Achemwali, nkhwani wotendera ine sindimutha ngati inu. Mphika uwu ndi wanu, ine ndilimbane ndi nsimayi."

Ndipo alendo akayamikira ndiwo, amaloza mwini wake pamaso pa onse: "Ameneyo ndi wa achemwali angawa, ine ndangosinja mtedza." Mawa lake amapita yekha kunyumba kwa sajeni kukabweza mbale, ndipo mbale sipita yopanda kanthu. Mwamuna wake sapita nawo, chifukwa bwana akafika pakhomo pa sajeni banja lonse limaimirira. Iye akapita yekha amakhala pamkeka.

Palinso luso losunga pakamwa. Pamaphwando a mabanja a asilikali a mayiko osiyanasiyana anthu amafunsa mafunso ooneka ngati ocheza: amuna anu abwerera liti, anyamata anu ku Congo zikuwayendera bwanji, boma lanu likuganiza zotani. Mu January 2025, nkhondo itakula kufupi ndi Goma ndipo asilikali athu ena atataya miyoyo, mafunso otere adachuluka, makamaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, atalamula mwezi wotsatira kuti asilikali akonzekere kubwerera. Mkazi wodziwa ntchito yake sanama ndipo sakwiya. Amayankha za chisoni cha mabanja, zomwe ndi zoona, kenako n'kufunsa mnzakeyo za mwana wake amene akulemba mayeso. Chitenje chosadula chija chimagwira ntchito apa: mkazi wa msilikali wa ku Botswana kapena ku Tanzania akalandira chitenje, ubwenzi wawo wapeza pokhazikika posafuna nkhani za ntchito za amuna awo. Usiku womwewo mayiyu amakhala pafoni ndi anzake otsala m'malayini ku Zomba ndi ku Lilongwe, amene amuna awo ali kutsogolo kwenikweni. Amadziwa kuti iye ali pabwino. Dziko lonse lapansi lidaona mkazi wa Private Chancy Chitete akulandira mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York mu May 2019, mwamuna wake ataphedwa kufupi ndi Beni mu November 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Akazi a asilikali sadaone mendulo yokha. Aliyense adadziona yekha ataimirira pamenepo.

Kope lija limaonetsa mphamvu yake pakagwa zovuta. Mmalawi akamwalira ku Harare, kapena thupi likamachokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, njira yobwerera kwawo ndi yomwe ija ya Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo pamafunika zikalata za chipatala, za ofesi ya kazembe ndi za pamalire aliwonse. Zikalatazo ndi ntchito ya amuna a m'maofesi. Zotsala zonse zimagwera amayi. Mayiyu amatsegula kope n'kudziwa nthawi yomweyo kuti wa ku Ntcheu mnzake wa malemuyu ndi uti, ndani ali ndi miphika ikuluikulu, ndani ali ndi galimoto, ndani angagone pasiwa ndi namfedwa, ndani amatsogolera nyimbo. Chipepeso amalemba poyera, dzina ndi ndalama, n'kuwerenga pamaso pa anthu awiri asadapereke. Amaimbira abale ake kuno ku Mwanza kuti galimoto ikawoloka apezeke pachipata ndi tiyi ndi madzi, popeza operekeza maliro amakhala atayenda usiku wonse ndi kutentha kwa ku Tete pamwamba. Anthu amene sadamuonepo malemuyo amaima m'mbali mwa msewu n'kupepesa. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu, ndipo thobwa la mwezi wa July lija limabwezedwa pa tsiku ngati limeneli.

Ana nawo ali m'dongosolo. Kusukulu amayankhula Chingerezi, pamsewu amatola Chishona msanga kuposa makolo awo, ndipo mayiyu sawaletsa. Lamulo lake ndi limodzi: mlendo akalowa, moni ndi wa Chichewa, mwana atagwada kapena atanjuta, ndipo mbale imalandiridwa ndi manja awiri. Amati safuna kuti pobwerera agogo awo adzafune womasulira.

Zonsezi zili ndi mtengo wake. Akazi ambiri otsatira amuna awo kunja amasiya uphunzitsi, unamwino kapena bizinesi, ndipo pobwerera amapeza anzawo adakwezedwa kale. Nkhuku za phwando nthawi zambiri zimachoka m'thumba la pakhomo. Achibale kumudzi amaganiza kuti munthu ali kunja ndiye kuti akusambira m'ndalama, ndipo foni siileka kulira. Ine ndimaona kuti mkazi amene wachititsa kuti mkulu wa asilikali wa dziko lina adye nsima ndi manja n'kuchoka akutchula Malawi mokoma wagwirira ntchito dziko, ndipo akuluakulu otumiza mabanja kunja ayenera kumukonzekeretsa asadanyamuke monga amachitira ndi mwamuna wake, n'kumuthandiza kupezanso ntchito akabwerera.

Nthawi ya mwamuna wake itatha, mayiyu adapatula sabata yathunthu yoyenda ndi mkazi wa wolowa m'malo. Adamutengera kutchalitchi, kumsika wa ku Mbare kwa mayi wogulitsa nkhuku zachikuda, kuchipatala kumene amalandira ana usiku, ndi kwa apongozi aja Nabanda. Miphika iwiri, ndowa zopanda kanthu ndi mthiko wautali adazisiya. Kope adalipereka pomaliza, atakhala pansi awiriwiri, akutsegula tsamba ndi tsamba.

"Awa musamawaitane tsiku limodzi ndi awa, adayambana pa nkhani ya lobola ya mwana wawo. Agogo awa amadwala shuga, thobwa lawo muzipatula musadathire shuga. Awa sapempha, koma mukamva kuti akudwala mungopita ndi ufa. Ndipo mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, chimera mukagule chambiri, chifukwa chaka chino ndalonjeza anthu asanu."